Mafunso ndi Mayankho: N'chiyani Chimachititsa Gawo Lotsatira la Filimu Yotchuka Kupeza Ndalama Zochuluka?

Gawo latsopano la filimu yotchuka likangotuluka, mkangano wake suchedwa kufika m'maofesi, m'maminibasi ndiponso m'magulu a WhatsApp muno mu Lusaka. Wina amati ndalama zabwera chifukwa cha wosewera wamkulu, wina amati ndi dzina chabe limene lakoka anthu, pamene wina amaumirira kuti makampani a ku Hollywood amangothira ndalama zambiri pa kutsatsa mpaka aliyense atagonja. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerezedwabwerezedwa pa mikangano yotereyi. Ndalama zonse zatchulidwa m'madola a ku America, ndipo ndi za matikiti ogulidwa padziko lonse, kupatula pamene zanenedwa kuti ndi za dziko limodzi.

Akamati filimu yapeza madola 1 biliyoni, kodi ndalama zimenezi ndi ziti, ndipo zimapita kwa yani?

Chiwerengero chimene chimalengezedwa ndi ndalama zonse zimene anthu analipira pogula matikiti, asanachotsepo kalikonse, choncho si phindu ayi. Eni nyumba zoonetsera mafilimu amatengapo gawo lawo, lomwe ku America limakhala pafupifupi theka, ndipo m'mayiko ena limaposa pamenepo. Ku China kampani yakunja imalandira pafupifupi 25 peresenti yokha ya ndalama za matikiti. Pa zimene zatsalazo, kampani iyenera kubweza ndalama zopangira filimuyo komanso zoitsatsira, ndipo pa mafilimu akuluakulu kutsatsa kokha kumadya madola oposa 100 miliyoni. N'chifukwa chake anthu otsatira malondawa amayendera lamulo losalembedwa lakuti filimu iyenera kupeza ndalama zoposa zimene inapangidwira kawiri ndi theka isanayambe kupindula.

Fast X, gawo lakhumi la mafilimu a magalimoto othamanga a Fast & Furious, imene inatuluka mu 2023, inapeza madola pafupifupi 700 miliyoni. Opanga mafilimu ambiri angavine atamva chiwerengero chimenechi, koma popeza kuipanga kunadya madola oposa 300 miliyoni, eni ake sanakondwere nacho kwenikweni. Magawo otsatira amakonda kukwera mtengo motere chifukwa osewera amene anatchuka m'gawo loyamba amafuna malipiro okwera, komanso oonera amayembekezera kuti chilichonse chikhale chachikulu kuposa kale.

Kodi dzina lodziwika kale si lokwanira kuti anthu adzaze holo?

Dzina limathandiza, ndipo n'chifukwa chake makampani amakonda magawo otsatira. Safunika kufotokozera aliyense kuti filimuyo ndi yotani, pakuti kungoika dzina ndi nambala pachikwangwani kwachita kale theka la ntchito. Koma pali zitsanzo ziwiri zaposachedwa zimene zimafooketsa mfundo yakuti dzina palokha limagulitsa matikiti. Joker inapeza madola oposa 1 biliyoni mu 2019, ndipo Joaquin Phoenix analandira nayo mphoto ya Oscar, koma gawo lachiwiri, Joker: Folie à Deux, limene linatuluka mu 2024 muli wosewera yemweyo ndiponso dayirekitala yemweyo, Todd Phillips, linangopitirira pang'ono madola 200 miliyoni. Chimodzimodzinso Captain Marvel inapeza madola 1.1 biliyoni mu 2019, pamene The Marvels ya mu 2023 inalekezera pa madola pafupifupi 206 miliyoni.

Mayina onsewa anali odziwika kulikonse. Anthu anamva bwinobwino kuti gawo latsopano latuluka, ndipo anasankha kukhala kunyumba.

Nanga chimene chimadzaza holo masiku oyamba n'chiyani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, malinga ndi mmene ine ndimaionera. Anthu amene amagula matikiti kuyambira Lachisanu loyamba mpaka Lamlungu sanaione filimuyo, ndipo sangadziwe ngati ili yabwino kapena ayi. Chimene akulipira ndi chisangalalo chimene anachipeza m'gawo lapitalo. Zili ngati mayi wogulitsa nsima pamsika: makasitomala amene afika lero abwera chifukwa cha ndiwo za dzulo, ndipo ndiwo za lero ndi zimene zinene ngati mawa abweranso. Motero munthu akafuna kumvetsa chifukwa chimene gawo lachitatu layambira mwamphamvu, ayang'ane gawo lachiwiri, ndipo akafuna kudziwa ngati lachitatulo linali labwino, ayang'ane mmene lachinayi layambira.

Mafilimu a Shrek amaonetsa zimenezi poyera. Yoyamba, ya mu 2001, inapeza madola osakwana 500 miliyoni, koma inakondedwa kwambiri, moti Shrek 2 ya mu 2004 inapitirira madola 900 miliyoni. Gawo lachitatu, la mu 2007, linayamba ndi ndalama zochuluka kuposa lachiwiri m'masiku atatu oyamba ku America, chifukwa anthu anali akukumbukirabe lachiwirilo, koma ambiri atatuluka m'holo osakhutira, linamaliza ndi ndalama zochepa kuposa linzake. Pirates of the Caribbean yoyamba inapeza madola pafupifupi 654 miliyoni mu 2003, ndipo yachiwiri inadutsa madola 1 biliyoni mu 2006. Batman Begins ya Christopher Nolan inapeza madola pafupifupi 370 miliyoni mu 2005, zomwe sizinali zodabwitsa, koma inabwezeretsa ulemu wa dzina la Batman, ndipo The Dark Knight inafika pa madola 1 biliyoni itatuluka mu 2008.

Kutsika nakonso kumayenda m'njira yomweyo. Star Wars: The Force Awakens inapeza madola oposa 2 biliyoni mu 2015. The Last Jedi, imene inagawanitsa okonda mafilimuwa mu 2017, inapeza 1.33 biliyoni, ndipo The Rise of Skywalker inatsikira pa 1.07 biliyoni mu 2019. Transformers: Age of Extinction inapeza madola 1.1 biliyoni mu 2014 ngakhale kuti owunika mafilimu anainyoza kotheratu, ndipo ambiri anatenga zimenezi ngati umboni wakuti ubwino wa filimu ulibe kanthu. Patapita zaka zitatu, gawo lotsatira, The Last Knight, linagwera pa madola pafupifupi 605 miliyoni. Kukhumudwa kwa oonera kunachedwa kuonekera m'ziwerengero, koma kunaonekera ndithu.

Avengers: Endgame, imene inapeza madola 1.2 biliyoni m'masiku ake oyamba mu Epulo 2019 ndi kumaliza pa madola pafupifupi 2.8 biliyoni, inali filimu ya nambala 22 pa mndandanda wa mafilimu a ngwazi a kampani ya Marvel, umene unayamba ndi Iron Man mu 2008. Gawo limene linaitsogolera, Infinity War, linatha nkhani ili m'malere, theka la ngwazi zake litafafanizika. Munthu amene wakhala akutsatira nkhani kwa zaka 11 sadikira kuti mnzake amuuze mathero ake pa Facebook.

Ngati ndi choncho, kodi ubwino wa gawo latsopanolo uli ndi ntchito yanji?

Uli ndi ntchito yaikulu kuyambira sabata yachiwiri. Madola mabiliyoni sapezeka m'masiku atatu. Amapezeka pamene anthu amene anaonera Lachisanu akuuza anzawo Lolemba kuti apite, pamene ena akubwererako kachiwiri ndi akazi awo kapena amuna awo, ndiponso pamene anthu amene sanapondeko ku sinema kwa zaka ayamba kufunsa za mtengo wa tikiti.

Yerekezani mafilimu awiri awa. Batman v Superman inayamba ndi madola 166 miliyoni ku America mu Malichi 2016, koma kumapeto kwa sabata yachiwiri ndalama zinatsika ndi 69 peresenti, ndipo inamaliza ndi madola pafupifupi 330 miliyoni m'dzikolo, kutanthauza kuti theka la ndalama zake zonse linabwera m'masiku atatu oyamba. Top Gun: Maverick inayamba ndi madola pafupifupi 127 miliyoni mu Meyi 2022, ndalama zochepa poyerekeza ndi inzakeyo, koma sabata yachiwiri inatsika ndi 29 peresenti yokha, ndipo inamaliza ndi madola oposa 700 miliyoni ku America kokha ndi pafupifupi 1.5 biliyoni padziko lonse. Avatar: The Way of Water inayenda chimodzimodzi. Itayamba ndi madola 134 miliyoni ku America mu Disembala 2022, ena anafulumira kunena kuti dayirekitala wake, James Cameron, wagwa, koma filimuyo inakhala m'maholo kwa miyezi mpaka inafika pa madola 2.3 biliyoni.

Pano m'pofunika kusiyanitsa maganizo a owunika mafilimu ndi maganizo a anthu ogula matikiti. Ziwerengero za pa tsamba la pa intaneti la Rotten Tomatoes zimene anthu amatumizirana zimaonetsa kuchuluka kwa owunika amene anaiyamikira filimuyo. Palinso kampani ya ku Las Vegas yotchedwa CinemaScore, imene imafunsa anthu otuluka m'holo usiku woyamba ndi kupereka magiredi kuyambira A+ mpaka F. Maverick inalandira A+, pamene gawo lachiwiri la Joker linalandira D. Pa kulosera ndalama, giredi ya anthu amene analipira okha tikiti imanena zambiri kuposa ya owunika, ngakhale kuti pa kulosera filimu imene idzakumbukiridwe patapita zaka makumi awiri, owunikawo sindingawataye.

Kodi wosewera wotchuka sangathe kunyamula yekha gawo lotsatira?

Amene amakhulupirira zimenezi amatchula Tom Cruise, ndipo n'zoona kuti Maverick sikanatheka popanda iye. Koma patangopita chaka chimodzi, mu Julayi 2023, Cruise yemweyo anatulutsa Mission: Impossible – Dead Reckoning, imene owunika anaiyamikira kwambiri, ndipo inapeza madola osakwana 600 miliyoni. Kumbali inayo, mafilimu a Avatar alibe wosewera amene nkhope yake payokha ingadzaze holo, ndipo nkhope zambiri m'mafilimuwa n'zopangidwa pakompyuta.

Zikuoneka kuti masiku ano anthu amatsatira kwambiri munthu wa m'nkhani, ndipo wosewera amakhala wamphamvu pamene iye ndi munthu wa m'nkhaniyo asanduka chinthu chimodzi m'maganizo a oonera. Mphamvu imeneyi imaonekera bwino pakagwa imfa. Paul Walker anamwalira pa ngozi ya galimoto mu Novembala 2013 ntchito yojambula Furious 7 isanathe, ndipo filimuyo itatuluka mu 2015 anthu anapita kukatsazikana naye, moti inapeza madola 1.5 biliyoni, kuposa gawo lina lililonse pa mndandanda umenewo. Chadwick Boseman anamwalira mu Ogasiti 2020, ndipo opanga Black Panther anasankha kusaika wosewera wina pamalo pake. Wakanda Forever inapeza madola pafupifupi 859 miliyoni mu 2022, ndalama zambiri ndithu, koma zochepa poyerekeza ndi madola 1.35 biliyoni a gawo loyamba la mu 2018. Kusiyana kwa mafilimu awiriwa n'kwakuti mu Furious 7 Walker analimo, pamene mu Wakanda Forever munali malo opanda mwini.

Kodi kudikira zaka zambiri kumapha gawo lotsatira kapena kumalilimbikitsa?

Zonse ziwiri zinachitikapo. Top Gun inadikira zaka 36, kuchokera mu 1986, Avatar inadikira zaka 13, ndipo Inside Out 2 inatuluka mu 2024 patapita zaka 9, n'kupeza madola pafupifupi 1.7 biliyoni, kuwirikiza kawiri ndalama za gawo loyamba. Koma Indiana Jones and the Dial of Destiny, imene inadalira chikumbumtima chomwecho cha zakale mu 2023, inapeza madola osakwana 400 miliyoni pamene kuipanga kunadya 300 miliyoni kapena kuposerapo.

Chofunika kufunsa ndi chimene chinkachitika ndi gawo loyamba m'zaka zodikirazo. Filimu ikachoka ku sinema imapitiriza kupeza oonera m'nyumba, ndipo oonera amenewa ndi amene amadzagula matikiti a gawo lotsatira. The Terminator inapeza madola osakwana 80 miliyoni mu 1984, kenako inazungulira dziko lonse pa matepi a vidiyo, ndipo Terminator 2 inapitirira madola 500 miliyoni mu 1991. Achikulire amene anakulira m'makomboni a Matero, Chawama kapena Kalingalinga akukumbukira kuti Arnold Schwarzenegger anam'dziwira m'timanyumba toonetsera mavidiyo, asanalowepo m'holo ya sinema. John Wick inayamba ndi madola osakwana 90 miliyoni mu 2014, ndipo gawo lililonse linkaposa linzake mpaka lachinayi linafika pa madola pafupifupi 440 miliyoni mu 2023. Moana inali filimu yoonedwa kwambiri pa intaneti ku America m'chaka cha 2023, patapita zaka zisanu ndi ziwiri chitulukireni, ndipo kampani ya Disney, imene poyamba inkakonza gawo lotsatira ngati pulogalamu ya pa Disney+, njira yake yoonetsera mafilimu pa intaneti, inasintha maganizo n'kulitumiza ku sinema. Moana 2 inadutsa madola 1 biliyoni. Kholo lililonse limene mwana wake amabwereza filimu imodzimodzi tsiku ndi tsiku likudziwa kumene ndalama zimenezi zinachokera.

Kodi tsiku lotulutsira filimu lili ndi mphamvu yeniyeni?

Inde, ndipo makampani amalanda masiku amenewa kudakali zaka ziwiri kapena zitatu. Nyengo zikuluzikulu ndi ziwiri: miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, pamene kumpoto kwa dziko lapansi kuli chilimwe ndipo ana a sukulu amakhala pa tchuthi chachitali, ndi masabata a Khirisimasi. Mafilimu a Disembala amayamba pang'onopang'ono koma amakhalitsa, chifukwa masiku onse a pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano amagulitsa matikiti ngati Loweruka.

Mpikisano nawo umavulaza. Dead Reckoning inatuluka kutatsala masiku ochepa kuti Barbie ndi Oppenheimer zituluke pa 21 Julayi 2023, ndipo maholo a IMAX, amene ali ndi masikirini akuluakulu ndipo matikiti ake ndi okwera mtengo, anaperekedwa kwa Oppenheimer kwa masabata atatu. The Marvels inatuluka mu Novembala 2023 sitiraka ya osewera a ku Hollywood itangotha kumene, moti osewera ake sanathe kuyenda m'mawayilesi kukaitsatsa. Zimenezi sizifotokoza kugwa kwake konse, koma zinawonjezera.

Kuno kwathu kalendala ya Hollywood imagwirizana nafe theka. Disembala amatikomera, chifukwa sukulu zimakhala zitatseka ndipo ena amakhala atalandira bonasi. Koma mafilimu a Juni ndi Julayi amafika ana ali m'kalasi ndiponso kukuzizira, ndipo kwa banja la ku Lusaka tsiku lofunika kwambiri nthawi zambiri ndi Loweruka la kumapeto kwa mwezi, malipiro atalowa.

N'chifukwa chiyani China imatchulidwa kawirikawiri pa nkhani imeneyi?

Chifukwa kwa zaka pafupifupi khumi, msika wa China unkapulumutsa magawo otsatira amene anthu a ku America anayamba kutopa nawo. Kuyambira mu 2012 dzikolo linkalola mafilimu akunja 34 pachaka pa mgwirizano wogawana ndalama za matikiti, ndipo makampani ankalimbirana malo amenewo. Age of Extinction inapeza ndalama zambiri ku China kuposa ku America. The Fate of the Furious ya mu 2017 inapeza madola pafupifupi 226 miliyoni ku America, koma pafupifupi 390 miliyoni ku China, ndipo padziko lonse inadutsa 1.2 biliyoni. Mafilimu a magalimoto othamanga, zimphona ndi zophulika amawoloka malire mosavuta chifukwa safuna kuti munthu amve nthabwala za chinenero china.

Zinthu zasintha chichokereni mliri wa COVID-19. Spider-Man: No Way Home inapeza madola 1.9 biliyoni itatuluka mu Disembala 2021 osaonetsedwa ku China n'komwe, ndipo Maverick nayonso sinalowe m'dzikolo. Panthawi yomweyo anthu a ku China ayamba kukonda kwambiri mafilimu awo. Ne Zha 2, filimu ya makatuni imene inatuluka pa nyengo ya Chaka Chatsopano cha ku China mu Januwale 2025, inapitirira madola 2 biliyoni, ndipo pafupifupi ndalama zonsezo zinachokera m'dzikolo. Nayonso ndi gawo lachiwiri la filimu imene inakondedwa kwambiri mu 2019.

Kodi matikiti amene timagula ku Lusaka amawerengedwa, ndipo ali ndi mphamvu iliyonse?

Amawerengedwa, chifukwa amalowa m'gulu la ndalama zochokera kunja kwa America. Koma tinene chilungamo: palibe kampani ya ku Hollywood imene imasankha kupanga gawo lotsatira poyang'ana Zambia. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara misika ikuluikulu ndi South Africa ndi Nigeria, ndipo ngakhale imeneyi ndi yaing'ono kwambiri poiyerekeza ndi China, Japan, Britain kapena Mexico. Maholo athu ndi owerengeka, ndipo amapezeka m'mamolo monga Manda Hill ndi Arcades m'mbali mwa Great East Road. Munthu wochokera ku Kanyama kapena ku Mtendere akafuna kupita ndi ana atatu, amawerengera matikiti, ndalama ya basi ndi zakudya, ndipo amadziwanso kuti pakapita masabata ochepa filimu yomweyo idzakhala pa fulashi ya mnzake. Nthawi imene filimu inkakhala ku sinema kokha isanafike m'nyumba inali masiku pafupifupi 90, koma mliri utadutsa makampani ambiri anaitsitsa kufika pa masiku 45 kapena kucheperapo, ndipo zimenezi zimapangitsa kudikira kukhala kosavuta.

Komabe Black Panther inaonetsa kuti anthu a kuno amadzuka filimu ikawakhudza. Mu 2018 inaphwanya mbiri ya malonda a matikiti kum'mawa, kumadzulo ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo anthu ankapita ku sinema atavala zitenje ngati akupita ku chikondwerero. Anamva Chixhosa chikulankhulidwa m'filimu ya Marvel, ndipo anaona John Kani, Lupita Nyong'o, Danai Gurira ndi Connie Chiume, mayi wa ku South Africa amene bambo ake anali ochokera ku Malawi. Pamene kachidutswa kotsatsira Wakanda Forever kanatuluka mu 2022 kali ndi nyimbo ya Sampa the Great yotchedwa Never Forget, mmene mulinso Chef 187, Tio Nason ndi Mwanjé, Azambia ambiri anakagawana pa mafoni ngati nkhani ya m'banja. Ndalama zimene zinachokera kuno sizinasinthe chiwerengero cha padziko lonse, koma zikuoneka kuti kampani ya Marvel inadziwa kuti kukhulupirika kwa filimuyo pamaso pa oonera akuda a ku America, a ku Britain ndi a ku Brazil kunadalira kuoneka kuti Africa yeniyeni ilimo.

Kodi ziwerengero zimenezi sizinyenga, popeza matikiti amakwera mtengo chaka ndi chaka?

Zimanyenga ndithu. Mndandanda wa mafilimu opeza ndalama zambiri umawerengera madola, osati anthu, choncho umakondera mafilimu atsopano ndiponso amene amaonetsedwa mu 3D kapena IMAX. Kukwera kwa mitengo kukawerengeredwa, Gone with the Wind ya mu 1939 ndi imene imakhala pamwamba. Kusinthasintha kwa ndalama za mayiko nakonso kumalowapo, ndipo ife amene taona kwacha ikukwera ndi kutsika tikudziwa kuti holo yodzaza mofanana ikhoza kupereka madola osiyana m'zaka ziwiri zotsatizana.

Kodi anthu sanatope ndi magawo otsatira?

Amene amanena kuti atopa amaloza chaka cha 2023, pamene mafilimu atatu apamwamba padziko lonse, Barbie, The Super Mario Bros. Movie ndi Oppenheimer, sanali magawo otsatira, pamene Indiana Jones ndi The Marvels zinagwa. Amene amatsutsa amaloza chaka chotsatira, 2024, pamene pafupifupi mafilimu onse khumi apamwamba anali opitiriza nkhani yakale, kuyambira Inside Out 2, Deadpool & Wolverine ndi Moana 2 mpaka Despicable Me 4 ndi Dune: Part Two. Zaka ziwiri zoyandikana sizingapereke mayankho otsutsana chonchi ngati funso lili lolondola.

Chimene anthu anatopa nacho, m'kuona kwanga, ndi kukakamizidwa kuwerenga ngati ana a sukulu asanapite kokasangalala. Kuti munthu amvetse bwino The Marvels, imene inali filimu ya nambala 33 pa mndandanda wa Marvel, ankafunika kudziwa anthu amene anayambira m'mapulogalamu a pa Disney+, ndipo ambiri sanawaonere. Maverick ndi The Way of Water sizinafune zimenezo: munthu amene sanaonepo gawo loyamba ankatha kulowa, kukhala pansi ndi kutsatira nkhani yonse. Tisaiwalenso kuti Barbie ndi Mario sanali mayina achilendo, chifukwa chidolecho chakhala chikugulitsidwa kuyambira mu 1959 ndipo Mario wakhala m'magemu kuyambira m'zaka za m'ma 1980.

Kodi mafilimu a muno mu Africa amatsatiranso njira yomweyi?

Kumene kuli maholo okwanira, amatsatira. Ku South Africa, Mr Bones ya Leon Schuster inadzaza maholo mu 2001, ndipo gawo lachiwiri la mu 2008 linachitanso chimodzimodzi. Ku Nigeria, The Wedding Party ya mu 2016 inatsatiridwa ndi gawo lachiwiri patangotha chaka. Chitsanzo chogwira mtima kwambiri ndi cha Funke Akindele, amene anayamba kusewera Jenifa m'filimu ya mu 2008, napitiriza naye pa wailesi yakanema mu Jenifa's Diary kuyambira mu 2015, kenako n'kum'bweretsanso ku sinema mu Disembala 2024 mu Everybody Loves Jenifa, imene inadutsa naira 1 biliyoni. Anthu amene anagula matikitiwo anali atakhala ndi Jenifa m'nyumba zawo kwa zaka zambiri, monga mmene ana a ku America anakhalira ndi Moana.

Ku Zambia zinthu n'zosiyana chifukwa ndalama za matikiti sizingabweze zimene munthu wawononga popanga filimu yaikulu. Mafilimu athu amene amveka kunja, monga I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, imene inalandira mphoto ya ku Britain ya BAFTA mu 2018, ndi On Becoming a Guinea Fowl, imene inam'pezetsa mphoto ya dayirekitala pa chikondwerero cha mafilimu cha Cannes ku France mu 2024, amayenda njira ya zikondwerero za mafilimu, ndipo nkhani zake zimathera m'gawo limodzi. Can You See Us? inafika kwa anthu ambiri italowa pa Netflix mu 2023, chaka chomwecho chimene Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, imene nkhani yake imachitikira mu Lusaka, inatulukira pomwepo. Nkhani zopitirira zimene Azambia amatsatira mokhulupirika zili pa wailesi yakanema, monga mmene zakhalira ndi Mpali ndi Zuba pa Zambezi Magic, ndipo kumeneko muyeso wake si tikiti yogulidwa pakhomo. Muyeso wake ndi wakuti kodi banja lilipiranso dikoda mwezi ukatha kapena ayi.